Momwe mungapangire pikapu ya rat rod yoti iziyendadi, osati yongojambulitsa

Mwa anthu amene ndawaona akuyamba rat rod, ambiri sanamalize. Nkhani yake imakhala imodzimodzi, munthu wagula chigoba cha pikapu yakale, tsiku lomwelo gulayinda ili m'manja, denga ladulidwa, zithunzi zili pa Facebook anthu akuchemerera, kenako zaka zitatu galimoto ili pa njerwa kuseri kwa nyumba nkhuku zikuikiramo mazira. Ena amamalizadi koma kungoti atuluke pageti chiwongolero chikuvina chokha, buleki ukaponda ikumira mpaka pansi, utsi wa ekisozi wadzaza m'kabu maso akuwawa.

Kwa amene mwangoimva kumene, rat rod ndi sitayilo ya ku America, galimoto yakale kwambiri yosiyidwa dala ndi dzimbiri lake, penti wosuluka, yotsika mimba kutsala pang'ono kukhula pansi, yooneka ngati yangofukulidwa kudzala. Ndiye apa ndi pamene anthu amasokonekera, amaganiza kuti poti ikuoneka yosasamalika ndiye kuti ntchito yakenso ndi yachisawawa. Ayi ndithu. Dzimbiri limaloledwa pakhungu pokha. Chasisi, mabuleki, chiwongolero ndi mawaya zimafunika zikhale bho kuposa za galimoto ya abwana anu.

Ine ntchitoyi ndinaiphunzirira pa galaja ina ku Joni, ndinayamba ndi kusesa ndi kugwirira tochi. Ndilemba motsata galimoto imene anthu a rat rod amaikonda kwambiri, Chevrolet 3100 ya pakati pa 1947 ndi 1953, koma njira yake ndi yomweyo kaya muli ndi Ford F-1, International, Dodge, kapena kabu ya Bedford yakale imene mwaipeza ikuwola pa esiteti ina.

Zida zofunika

- Makina owotcherera. MIG ndiye yabwino, waya wa 0.6mm pa malata a kabu, 0.8mm pa chasisi. Ngati muli ndi ya ma rod yokha, pa chasisi gwiritsani 7018 osati 6013 yowotcherera mageti ija, ndipo pa kabu ingoiwalani, imangoboola
- Gulayinda, ziwiri ngati mungathe, ina yodulira ina yosalazira, kusinthasintha ma disc kumatopetsa
- Jeke ndi ma stand achitsulo osachepera anayi. Njerwa ayi, ndikubwereza, njerwa ayi
- Tcheni buloko yonyamulira injini ndi kabu
- Tepi, levulo, sikweya, chingwe, choko, ndi choyezera ngodya, ngakhale ka app ka pa foni kamagwira
- Ma clamp ndi ma vice grip ambiri, sakwana
- Chida chopangira double flare, mlomo wopindidwa kawiri kumapeto kwa mapaipi a mabuleki
- Helemeti yowotcherera, magalasi a maso, magolovesi, masiki, ndi chozimitsira moto chodzadza

Katundu

- Kabu, boneti, mafenda ndi girilo, bedi ngati ilipo
- Chasisi ya galimoto yaposachedwa yokhala ndi mabuleki, difu ndi chiwongolero chake
- Injini ndi giyabokosi, makamaka zochokera m'galimoto imodzi
- Paipi ya sikweya ya 25mm yomangira m'kabu, ya 50 x 100mm yokhuthala 3mm kapena kuposa ya chasisi, puleti ya 5mm, lata la 1.2mm
- Mabawuti olimba a giredi 8.8 kapena 10.9 ndi manati a nyloc, aja osamasuka okha
- Mapaipi a mabuleki atsopano, master cylinder (pampu ya mafuta a mabuleki), mawaya atsopano ndi bokosi la mafyuzi, malamba
- Boiled linseed oil ndi turpentine
- Makatoni, ambiri, mupemphe ku golosale

1. Mapepala kaye

Musanagule ngakhale nati imodzi. Kabu ya 1951, chasisi ya galimoto ina, injini ya inanso, ndiye kwa boma imeneyi ndi galimoto iti? Ku America siteti iliyonse ili ndi malamulo ake. Ku South Africa mufunika police clearance ndi roadworthy, ndipo galimoto yophatikiza chonchi nthawi zambiri imalembedwa ngati built-up, ija amati code 3. Kumudzi ku Malawi pali blue book ndi COF, manambala a injini ndi a chasisi ayenera kufanana ndi olembedwa. Pitani ku Road Traffic mukafunse ntchito isanayambe, ndipo risiti ya chilichonse chachikulu muisunge mu fayilo.

Chenjezo: pamene pali nambala ya chasisi musadule, musawotcherere, musadutsepo ndi gulayinda. Zungulizanipo ndi choko tsiku loyamba lomwelo.

2. Kusankha kabu

Tengani sikuludiraiva ndi maginito. Sikuludiraiva mubaye nayo m'makona a kabu kumbuyo kumunsi, pansi popondera, pamene pagwira mahinji a zitseko, pansi pa windisikirini ndi pamene kabu imamangidwa ku chasisi. Maginito ndi yopezera fila, pamene ikukana kumata ndiye kuti wina anapakapo phala kubisa bowo. Dzimbiri losalala lofiirira la padenga ndi paboneti, lija lobwera ndi dzuwa la zaka 70, ndiye chuma chimene mukugulacho. Koma lofufuma, lothothoka ngati makungwa a bulugamu ukalikhudza, limenelo ndi bowo lomwe silinaonekere chabe.

Yang'ananinso galasi lakutsogolo ngati mukuganiza zodzadula denga. 3100 mpaka 1953 ili ndi magalasi awiri afulati, Ford F-1 ya 1948 mpaka 1952 ili ndi limodzi lafulati, amenewa wodula magalasi aliyense akhoza kukupangirani atsopano. Kuyambira 1954 Chevrolet inaika lopindika, ndiye pamenepo mutu umaima. Kabu ija ya five window yokhala ndi timagalasi topindika m'makona ndi yokongola zedi koma kwa woyamba kumene kuidula ndi kudziputira mavuto.

3. Chasisi

Chasisi yoyambirira ya 3100 mukhoza kuisunga, koma ili ndi ekiselo yowongoka kutsogolo, mabuleki a dramu konsekonse ndi chiwongolero cholimba ngati mukupukusa chigayo. N'chifukwa chake ku America ambiri amaika kabuyi pa chasisi ya Chevrolet S-10. Wheelbase, mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ya 3100 ndi mainchi 116, ya S-10 ya single cab ya bedi lalitali ndi 117.9, kusiyana kwake sikufika ndi masentimita 5 omwe, ndiye umangopeza ma disc kutsogolo ndi power steering ulele. Vuto lake S-10 ndi yopapatiza, matayala amabisala mkati mwa mafenda, ndiye ambiri amaika difu ya S-10 ya 4x4 imene ili yotambalala pang'ono.

Kuno kum'mwera kwa Africa S-10 simungaipeze wamba. Ganizani za chasisi ya Hilux, Isuzu KB kapena Nissan Hardbody ya 2WD, zimene masipeya ake ali paliponse, komanso chiwongolero chili kale kumanja. Pitani ndi tepi, yezani wheelbase ndi kutambalala kwa matayala musanalipire.

Mukafika nayo, ichotseni zonse, itsukeni, iikeni pa ma stand pamalo alevulo, muyeze mopingasa kuchokera kona yakutsogolo kumanja kupita yakumbuyo kumanzere, kenako mbali inayo. Miyezo iwiriyi isasiyane kuposa 3mm. Ikasiyana kwambiri ndiye kuti galimotoyo inachitapo ngozi, ndipo idzakhala ikuyenda chammbali ngati nkhanu moyo wake wonse.

4. Mangani kabu mkati musanadule chilichonse

Apa ndiye pamene ndinaonera zakuda. Tinali ndi kabu ina zitseko zake zikutseka bwinobwino, chala chimodzi basi, khethe. Ine changu, abwana atuluka, ndinadula pansi ponse powola paja kuti akabwera adzandiyamikire. Titainyamula ndi tcheni buloko kabu inangopotoka pang'ono, maso sangaone, koma chitseko chakumanzere chinatsala masentimita awiri osafika pa loko. Tinatha masiku anayi tikuikoka ndi jeke ndi matcheni, ndipo mpaka inachoka pagalajapo chitsekocho chimafuna phewa.

Ndiye chitani chonchi. Zitseko zikadali pomwepo, zikonzeni zizitseka bwino. Kenako wotchererani paipi ya 25mm ija mkati, kuchokera mzati wakutsogolo kupita wakumbuyo mbali zonse, kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndi ina yopingasa ngati X. Muiike poti isakutchingireni podula. Imeneyi simuichotsa mpaka pansi patsopano ndi denga zitawotchereredwa zonse.

Chenjezo: magalimoto a nthawi imeneyo m'malumikizidwe ankathiramo mtovu, penti wakenso nthawi zambiri ali ndi mtovu, ndipo mabuleki akale ali ndi asbestos. Valani masiki pogulayinda, fumbi la m'madramu musaliuzire ndi kompuresa.

5. Yesererani kaimidwe

Gulani marimu ndi matayala amene adzakhalepo enieniwo tsopano, osati kumapeto, chifukwa miyezo yonse ikuchokera pamenepo. Ambiri amakonda marimu achitsulo wamba ndi matayala a mzere woyera m'mbali, ang'ono kutsogolo akulu kumbuyo. Ikani kabu pa chasisi pa timatabwa, ikani mafenda ndi ma clamp, tayala likhale pakatikati pa fenda, kenako bwererani mamita khumi mukhale pa ndowa muziyang'ana. Sunthani, yang'ananinso. Tsiku lonse likhoza kuthera pamenepa ndipo silinapite pachabe.

Pali lamulo limodzi lotchedwa scrub line. Tayala likaphulika galimoto imatera pa rimu, ndiye pasakhale chitsulo chilichonse, kaya chasisi, sampu kapena mkono wa chiwongolero, chotsika kuposa mlomo wa rimu. Kokani chingwe kuchokera kumunsi kwa rimu imodzi kupita pansi pa tayala la mbali inayo, chilichonse chopyola chingwecho chikwezeni. Zija mumaona pa YouTube zitagona pansi phwathalala zambiri zili ndi ma air bag, matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i, zimadzuka zikamayenda. Inu ngati mulibe ma air bag, kumbukirani mahampu a kwanu ndi msewu wopita kwa apongozi, siyani masentimita 12 mpaka 15 pakati pa mimba ya galimoto ndi msewu.

6. Kutsitsa

Njira zilipo zingapo ndipo simukakamizidwa kuchita zonse.

Yosavuta ndi ma drop spindle (zogwirira tayala zotsitsa galimoto) kapena masipuling'i afupi kutsogolo, ndi ma lowering block (timabuloko ta pakati pa difu ndi masipuling'i) kumbuyo, kapena kusamutsa difu kuchoka pansi pa masipuling'i kuiika pamwamba pake. Mukatero difu imayandikira chasisi, pa bampu iliyonse gu! Ndiye mumadula C-notch, kapanga kooneka ngati C pamwamba pa difu. Musanadule wotchererani chitsulo chogwirizira mbali ziwirizo, ndipo mukamaliza tsekani mbali yotseguka ya chasisiyo ndi puleti ikhale bokosi, ipitirire masentimita 20 kapena kuposa kutsogolo ndi kumbuyo kwa notch.

Yachiwiri ndi Z, kudula chasisi n'kukweza mbali yakumbuyo kapena yakutsogolo kuti pakati patsike. Musadule mowongoka, dulani mopendekera, senderani milomo kuti moto ulowe mkati, ndipo pamwamba pa weld ikani fish plate, puleti yosongoka mbali ziwiri ngati dayamondi ya pa makhadi, ya makona osalazidwa. Ngati kuwotcherera munaphunzirira pa mbaula ndi mageti, palibe chamanyazi, gawo ili lipirani munthu wodziwa. Weld yooneka ngati zitosi za nkhuku pa fenda anthu amaseka basi, pa chasisi ndi maliro.

Yachitatu ndi channel, apa chasisi simuikhudza, mumadula pansi pa kabu, kabu n'kutsika kuvala chasisi ngati siketi, kenako mumapanga pansi patsopano pamwamba pa chasisi. Pangani kaye mafupa ake ndi paipi ya sikweya, dulani katoni ikwane bwinobwino, kenako mujambulire pa lata. Katoni ndi yaulere, lata ndi ndalama. Pakati pa kabu ndi chasisi pakhale ma rubber, osawotcherera kabu ku chasisi.

Chenjezo: osawotcha masipuling'i ndi gasi kuti afupike. Amatsikadi tsiku limenelo koma chitsulo chafa, amapitirira kubwama mbali imodzi kenako amathyoka.

7. Kudula denga

Chop, kudula mizati kuti denga litsike, ndi imene imapatsa rat rod nkhope yokwiya ija, komanso ndi imene yapha mapulojekiti ambiri. Poyamba werengani. Channel ya mainchi 4 kuphatikiza chop ya mainchi 3 ndi mainchi 7, pafupifupi masentimita 18 achoka m'kabu imene inali yothina kale. Ikani mpando umene mudzagwiritse, khalanipo, mnzanu agwire katoni pamutu panu pamene denga lidzafike, muone ngati mukutha kuona maloboti osapinda khosi. Kwa woyamba mainchi 2 kapena 3 akwana.

Chotsani magalasi onse ndi zitseko. Pa mzati uliwonse sankhani pamene pali powongoka kwambiri, matani tepi ya mapepala mizere iwiri, mtunda wake wofanana ndendende pa mizati yonse, muyeze kuchokera pa levulo imodzi osati kuchokera pansi pa galaja. Kumbuyo ambiri amadula mozungulira windo n'kulitsitsa lathunthu kuti lisachepe kwambiri. Dulani mzere wapamwamba, anthu anayi anyamule denga, kenako dulani wapansi.

Mukabwezera denga mudzaona kuti silikukumana, musachite mantha, ndi mmene zimakhalira. Kabu ili ngati chulu, kumwamba n'kochepa kumunsi n'kotambalala, ndiye mukachotsa pakati lapamwambalo limachepa. Mankhwala ake ndi kudula dengalo pakati mopingasa, nthawi zina panayi, kukankhira chidutswa chilichonse pa mzati wake, mipata yotsalayo n'kuika timizere ta lata. M'kati mwa mizati lowetsanimo chitsulo cholimbitsa musanatseke.

Powotcherera lata musakoke mzere wautali. Dontho apa, dumphani chikhatho chimodzi, dontho, pitani mbali ina, dikirani pazizire mpaka mutha kugwira ndi dzanja, bwererani. Zimatopetsa kwabasi koma mukathamanga denga limachita mafunde ngati nyanja ya mwera, ndipo pa rat rod mulibe fila yobisira. Mitu ya zitseko muidule pomaliza, muziyesa pa kabu pomwepo.

Magalasi ndi omalizira penipeni. Dulani pulayiwudi yopyapyala ikwane pa windo ndi rabala yake, mupite nayo kwa odula magalasi akudulireni laminated, galasi la windisikirini lija lokhala ndi pulasitiki pakati. Galasi la tempered, lija la m'zitseko za magalimoto a masiku ano, silidulika, limangoti phwaa kukhala shuga. Ndipo kutsogolo musaike galasi la mawindo a nyumba kapena pulasitiki.

8. Injini ndi giyabokosi

Ku America amangotola Chevrolet 350 ya malita 5.7 kapena LS, V8 yatsopanoko ya Chevrolet yomweyo, chifukwa kwawoko zili mbwee, ofuna zachikale amasaka flathead V8 ya Ford ija inapangidwa kuyambira 1932 mpaka 1953, ena amaika Cummins ya dizilo ya 5.9 kuti izifuka utsi, koma imeneyo imalemera pafupifupi theka la tani, chasisi yaing'ono imalira. Ku South Africa mfumu ndi Lexus V8, 1UZ ya malita 4.0 yochokera ku Japan, yopepuka poti ndi ya aluminiyamu, ndipo ambiri amaiyendetsa ndi kompyuta ya Spitronics. Pogula 1UZ funsani sampu, ilipo yakutsogolo, yapakati ndi yakumbuyo, mukatenga yolakwika imakhala pa crossmember, chitsulo chopingasa cha chasisi. Kunena zoona, ngati chasisi ya Hilux yabwera ndi injini yake yoyenda, ine ndingayambe ndi yomweyo, V8 idzabwera galimoto ili kale pamsewu.

Lendeweretsani injini ndi giyabokosi zili zomangana, galimoto itaima pa msinkhu umene izidzayendera. Siyani malo a ladiyeta ndi fani kutsogolo, onani shafiti ya chiwongolero, ndipo siyani mpata wa zala ziwiri kuzungulira konse poti injini imagwedezeka. Mchira wa giyabokosi uweramire pansi madigiri atatu, mphuno ya difu iyang'ane m'mwamba madigiri atatu omwewo, mizere iwiriyo ikhale yotsatana. Mukaphonya apa galimoto imanjenjemera pa 80 ndipo ma universal joint muzisintha ngati masokosi. Propshaft ikafupikitsidwe ndi kubalansidwa kwa akatswiri ake.

Girilo ya magalimoto amenewa ndi yopapatiza, ndiye gulani ladiyeta yokhuthala ndi fani yamagetsi yokhala ndi chotchingira chake.

9. Chiwongolero ndi mabuleki

Apa palibe za rat, zonse zatsopano. Shafiti ya chiwongolero ilumikizidwe ndi ma joint opangidwira ntchito imeneyo, osati a masoketi a m'bokosi la masipanala, ndaonapo zimenezo ndi maso angawa. Ma joint akapitirira awiri pakati pamafunika bearing yogwirizira. Pitman arm, mkono wochokera ku bokosi la chiwongolero, ndi mikono ina ya chiwongolero musadule n'kuwotcherera, musapinde ndi moto.

Master cylinder yakale ija ili ndi njira imodzi, paipi imodzi ikaboola mabuleki onse anayi apita. Ku America magalimoto anayamba kubwera ndi ya njira ziwiri cha m'ma 1967, inunso ikani imeneyo. Mapaipi akhale achitsulo kapena a copper-nickel, double flare kumapeto, omangidwa ku chasisi ndi timakilipu, kutali ndi ekisozi. Paipi ya kopa ya mafiriji ndi ya mipope ayi. Handibuleki igwire. Malamba amangidwe ndi puleti yokhuthala kuseri, osati pa lata lokha.

10. Thanki, mawaya, ekisozi

Ma 3100 ambiri thanki ili m'kabu kuseri kwa mpando. Ichotseni ipite pansi pa bedi kapena pa bedi. Anthu amakonda kusandutsa mgolo wa mowa wachitsulo kukhala thanki, palibe vuto bola ukhale womangidwa ndi malamba achitsulo, uli ndi popumira, ndipo suli kumapeto kwenikweni kumene angakugundeni. Thanki imene munakhalapo petulo musaiwotcherere, ngakhale itauma zaka.

Mawaya akale okutidwa ndi nsalu aja, a 6 volts, zulani onse. Kokani atsopano a 12 volts, chilichonse pa fyuzi yake, podutsa pa lata ikani rabala. Ndipo poti bodi ndi yadzimbiri, earth imavuta, ndiye kokani waya wokhuthala kuchokera ku batire kupita ku injini, ku chasisi ndi ku kabu, mupale chitsulo chiwale pomangapo, magetsi akumbuyo apatseni earth yawoyawo.

Mapaipi a ekisozi oloza kumwamba pambali pa boneti amaoneka bwino pa chithunzi, koma utsi wake umathera pankhope panu ndipo aneba adzakudani. Atulukire kumbuyo kwa kabu, mabowo onse a pansi ndi a firewall, lata la pakati pa injini ndi kabu, mutseke. Carbon monoxide, mpweya wakupha wa mu utsi wa ekisozi, sanunkha, umangomva tulo.

11. Dzimbiri lija

Tsopano gawo lokoma. Tsukani bodi ndi sopo ndi madzi ambiri, pukutani mopepuka ndi Scotch-Brite kuchotsa fumbi la dzimbiri ndi penti wothothoka, osakanda mwamphamvu, mukufuna mitundu ija ionekere, wobiriwira wakale, pansi pake pulaimala yofiira, pansi pake chitsulo. Ngati pachitseko pali dzina la famu kapena sitolo lozilala, lisamaleni ngati dzira. Iumitseni padzuwa tsiku lonse.

Sakanizani boiled linseed oil ndi turpentine, pakani ndi kansalu mopyapyala, dikirani mphindi 15 kapena 20, kenako pukutani onse otsala mpaka pasakhale ponyowa. Apa ambiri amathira ngati akukazinga mandasi, ndiye mafutawo sauma, amachita nomimomi, fumbi la mwezi wa October n'kumatirira galimoto kuoneka ngati yagwa m'phala. Pang'ono basi, muzibwereza kangapo pachaka. Ena amapopera clear coat yosawala, imakhalitsa, koma pa dzimbiri imayamba kusupuka ngati khungu la njoka ndipo kuikonza kwake ndi kupala yonse. Ine ndili ku mafuta.

Chenjezo lalikulu: nsanza za linseed zimayaka zokha. Si nthano. Mafutawa akamauma amatulutsa kutentha, mukaziunjika mu bini zimafuka. Ife tinapeza bini ya pagalaja ikutuluka utsi m'mawa, mwayi inali yachitsulo ndipo inali panja. Ziyanikeni chimodzichimodzi pansi panja, kapena zimizeni m'ndowa ya madzi.

Nanga zigamba zatsopano mwawotcherera zija, zikuwala mbee pakati pa dzimbiri? Zipopereni viniga, kenako hydrogen peroxide wa ku famase wosakaniza ndi mchere pang'ono, dzimbiri limabwera mukuona. Likafika pamene mukufuna tsukani ndi madzi a soda, umitsani, pakani mafuta. Ngati fenda yonse ndi yachilendo, pakani pulaimala yofiira ya red oxide, pamwamba mtundu wofanana ndi kabu, kenako palani ndi sandipepa pamene dzuwa ndi manja zimadya, pamsana pa fenda, pamwamba pa boneti, pachitseko pogonera chigongono. Osapala madonthomadontho paliponse ngati kambuku, zimaonekeratu kuti n'zopanga.

Kuseri kwa malata, m'kati mwa zitseko, pansi pa kabu ndi chasisi yonse, kumeneko pentani bwinobwino, ndipo timabowo totulutsa madzi pansi pa zitseko titseguke.

12. Bedi ndi mkati

Apa sewerani mmene mungafunire. Pansi pa bedi mwina pafunika kukwezedwa chifukwa cha notch ija, yalani matabwa akale, a mlombwa ochokera ku chitseko chakale amakongola ndi linseed yemweyo. Aku America pampando amayala bulangete la ku Mexico, inu chitenje chilipo. Ndodo ya giya ena amaika pisitoni, ena sipanala. Bola chilichonse chimangidwe ndi bawuti, ndipo kutsogolo kwa chifuwa ndi mawondo kusakhale chosongoka.

13. Kuyesa

Musanalize injini zungulirani ndi sipanala bawuti iliyonse, mukamanga ikani kadontho ka penti. Pindani chiwongolero mbali zonse muone ngati tayala likukhudza fenda kapena paipi ya buleki. Yambani pabwalo, 20, buleki. Kenako 40, buleki mwamphamvu, muone ngati ikukokera mbali. Pitani ku alignment musanapitirire 60. Mukayenda makilomita 100 oyamba lowaninso pansi ndi sipanala, chozimitsira moto chizikhala kuseri kwa mpando.

Zolakwika zimene zimabwerezedwabwerezedwa

Kumasula galimoto yonse tsiku limodzi osajambula, osalemba. Pakatha miyezi isanu muli ndi ndowa ya mabawuti osadziwika kwawo. Timapepala ta shuga ndi cholembera zikwana.

Kuyamba ndi zigaza, matcheni ndi nyali za thirakitala galimoto isanayende. Komanso kuchulutsa, mpaka pikapu kuoneka ngati shopu ya sikirapu yagwa pa matayala.

Kuwotcherera zonse mpaka kumapeto musanayeserere. Gwirizani ndi madontho, ikani injini, kabu, chiwongolero, ladiyeta, mapedulo, zonse zikakwana ndiye mumalize.

Kuwotcherera paipi ya galvanised osapala, utsi wake umadwalitsa usiku womwewo, kuzizidwa ngati malungo. Choopsa kuposa apo ndi kutsuka chitsulo ndi brake cleaner ya chlorine kenako n'kuyatsa moto, imatulutsa mpweya wa phosgene umene umawononga mapapo. Tsukirani acetone, mudikire aume.

Suicide front end, kuika ekiselo kutsogolo kwa chasisi itapachikidwa pa kachitsulo kamodzi. Dzinalo silinabwere mwangozi, kachitsuloko kakathyoka mphuno ya chasisi imalima tara. Pa galimoto yoyamba isiyeni.

Matayala akale poti akuoneka achikale. Pambali pa tayala pali manambala anayi kumapeto kwa mzere wa DOT, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka, 2314 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2014. Mukapeza manambala atatu okha ndiye kuti linapangidwa chisanafike chaka cha 2000, limenelo dzalanimo maluwa pakhomo.